Agide ndi gitala yawo: kutchuka kunafika, ndalama zinatsalira kuti?

Ntchito yanga ndi yothandiza oyimba pa nkhani za mapepala: kulembetsa nyimbo, kuwerenga kontirakiti munthu asanasaine, ndi kulondola ndalama zomwe zasochera. Ambiri omwe amandipeza ndi oyimba a gitala yopanda magetsi, aja amapeka okha, kuyimba okha, n'kudzinyamulira okha chida chawo m'minibasi. Mu Januwale 2022, mbiri ya woyimba wachikulire a Giddes Chalamanda, omwe timawatcha Agide, itawanda kunja, foni yanga sinapume. Funso linali limodzimodzi: "Achimwene, anthu mamiliyoni onsewa aonera nyimbo ya Agide, ndiye kuti mdalayu walemeratu?" Lipotili ndi yankho lomwe silinkatheka pa foni chifukwa cha kutalika kwake. Za Agide ndalemba zomwe zili poyera, zomwe aliyense wotsatira nkhani za oyimba akuzidziwa. Oyimba omwe ndawathandiza ndekha, maina awo ndabisa.

Kumene anachokera

A Chalamanda anabadwa pa 15 Januwale 1930 ku Chiradzulu. Pamene dziko lino limalandira ufulu mu 1964, iwo n'kuti ali bambo wa zaka 34. Oyimba a mbadwo umenewo sukulu ya nyimbo sanaione. Mnyamata ankatenga chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga n'kupanga banjo, kenako n'kumatsanzira zomwe wamva kwa akuluakulu ndi pa galamafoni yomwe wina wabwera nayo pochokera ku Joni. Bwalo lake linali pamowa, pachinkhoswe, paukwati. Malipiro kunali kufupa: wasangalala waponya kandalama, wina wagula chipanda cha masese.

Pali mawu amodzi omwe ndifuna ndiwongole. Ku America kapena ku Ulaya, akati woyimba ndi wodziyimira payekha, ndiye kuti makampani alipo koma iye wawakana, wasankha kusunga nyimbo zake m'manja mwake. Kuno kunalibe wokanidwa. Makampani akuluakulu ojambula ndi kugulitsa nyimbo anali ku Johannesburg ndi ku Salisbury (Harare ya lero). Woyimba wa ku Chiradzulu anali yekha poti kunalibe wina. Munthu wosankha kuima payekha amakhala akudziwa kale ntchito zomwe kampani ikanamugwirira, ndipo amazigwira yekha. Wathuyu sanauzidwe n'komwe kuti ntchito zoterozo ziliko.

Chomwe chinalipo ndi wayilesi. MBC inayamba mu 1964, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali yokhayo m'dziko muno. Inkajambula oyimba m'situdiyo zake ku Blantyre n'kumawaulutsa. Nyimbo ikalowa pamenepo inkamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa tsiku limodzi, zomwe lero wayilesi imodzi singakuchitireni ngakhale mutatchuka motani. Koma tepi inkatsala kuwayilesi. Woyimba ankabwerera kumudzi ali ndi dzina, chogulitsa alibe.

Lamulo lomwe linabala bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi kutolera ndalama za eni ake, linadutsa mu 1989, bungwelo n'kuyamba ntchito mu 1992. Agide n'kuti ali ndi zaka 62. Zaka zonse za mphamvu zawo zinatha popanda ofesi yotolera ndalama za woyimba nyimbo yake ikaulutsidwa. Daniel Kachamba wa ku Chileka anamwalira mu 1987, bungwelo asanalione. Allan Namoko wa ku Thyolo anamwalira mu 1995, litangoyamba kumene. Luso anthu atatuwa anali nalo onse. Chomwe chawasiyanitsa Agide ndi anzawo aja ndi moyo wautali, umene wawalola kuona kutchuka kukuwabwerera kachiwiri ndi kachitatu.

Nthawi ya makaseti ndingoidutsa, ngakhale ndi yomwe inasiya mabala ambiri m'mafayilo anga. M'zaka za m'ma 1990 woyimba ankajambula, n'kupita ndi tepi yake kwa wogulitsa makaseti m'tauni, n'kulandira ndalama kamodzi. Kaseti igulidwe zikwi zingati, iye zake zatha. Ambiri sankadziwa ngati agulitsa tepi yokhayo kapena ndi nyimbo zomwe. Nthawi zina ngakhale wogulayo sankadziwa.

Kutchuka kwa muukalamba

Kutchuka kwachiwiri kunadza ndi achinyamata. Edgar Kachere ndi Davis Njobvu, omwe timawadziwa kuti Edgar ndi Davis, anayamba kuyimba limodzi ndi Agide n'kumawatenga kokasangalatsa anthu m'matauni, pamaso pa mbadwo womwe unkangowamva pa wayilesi ya agogo. Agide ali ndi nyimbo yotchedwa Buffalo Soldier momwe amanena za khumbo lawo lokaona America, ndalama zitapezeka. Mu 2016 anthu akufuna kwabwino anasonkha, ndipo ulendowo unatheka, mdalayo ali ndi zaka 86. Ndi nkhani yokoma, koma ndimapempha oyimba kuti aione bwino: ndalama za ulendowo zinachokera m'chifundo cha anthu, osati m'malonda a nyimboyo.

Kachitatu kanadza mu 2020, pamene Patience Namadingo ankajambula nyimbo zosakaniza ndi oyimba akuluakulu mmodzimmodzi. Anakhala pansi ndi Agide n'kuyimba nyimbo zawo mwa chamba cha reggae. Kanemayo anaonedwa kwambiri pa YouTube. Kenako chakumapeto kwa 2021 kachigawo ka nyimbo yawo ya Linny Hoo kanalowa pa TikTok n'kufalikira ngati moto wa m'tchire mu Okutobala, anthu a m'maiko omwe sadziwa komwe Malawi ali akuvina ndi kuyimba mawu omwe sakuwamva. Atolankhani a bungwe lofalitsa nkhani la AFP atawayendera mu Januwale 2022, pomwe amakwanitsa zaka 92, analemba kuti nyimboyo inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok, chonsecho mwini wake analibe n'komwe foni yoonerapo zimenezo.

Nthawi zonse zitatu, wonyamula nyimbo za Agide kupita nazo kwa anthu anali wina: wayilesi, achinyamata awiri, kenako Namadingo ndi ana a TikTok. Anthu ena pankhani yotere amathamangira kufunafuna wakuba. Ine wakuba sindimuona. Popanda oyimba achinyamatawa, Linny Hoo ikanakhala nyimbo ya m'makumbukiro a anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo. Chomwe ndimaona ndi mipata yomwe ndalama zimathawirapo, ndipo mipatayo ndi yomweyomweyo pa woyimba aliyense wa mtundu uwu.

Nyimbo imodzi, katundu muwiri

Chinthu choyamba chomwe ndimaphunzitsa aliyense wobwera kwa ine n'chakuti m'nyimbo imodzi muli katundu muwiri. Pali nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi maimbidwe ake, yomwe mwini wake ndi wopeka. Palinso chojambulidwa, mawu aja ali pa tepi kapena m'kompyuta, chomwe kawirikawiri mwini wake ndi amene anakonza ndi kulipira zojambulazo. Ndimawauza kuti nyimbo ili ngati mbewu, chojambulidwa chili ngati munda womwe mbewuyo yadzalidwa. Mbewu imodzi itha kudzalidwa m'minda khumi ya anthu khumi. Mwini munda aliyense akolola zake, koma mwini mbewu ali ndi gawo m'minda yonseyo, malinga ngati analembetsa kuti mbewuyo ndi yake.

Woyimba wakale akajambulanso nyimbo yake ndi wachinyamata, pabadwa munda watsopano. Funso loti mundawo ndi wa yani, ndipo wamkuluyo atengapo zingati monga woyimba nawo, liyenera kuyankhidwa papepala kamera isanayatsidwe. Pepala lake si la maloya ayi. Tsamba limodzi likwana: dzina la nyimbo, wopeka, oyimba, wolipira situdiyo, magawo a aliyense, masiginecha. Vuto n'lakuti tsiku lojambula aliyense amakhala wosangalala, ndipo kutulutsa pepala pamaso pa munthu wamkulu kumaoneka ngati mwano, ngati ukumukayikira. Ndaonapo anthu abwinobwino akuchita manyazi pa mphindi imeneyo, n'kudzadana patatha chaka ndalama zitaoneka.

Tsono TikTok. Anthu amaganiza kuti munthu aliyense akaonera, kandalama kagwa m'thumba la woyimba. Sizitero. TikTok imapangana ndi makampani a nyimbo komanso ogawa nyimbo pa intaneti monga DistroKid, TuneCore ndi CD Baby, ndipo ndalama zimadzera kwa amenewo. Kuti zikupezeni, chojambulidwa chanu chiyenera kuti chinaperekedwa kudzera kwa wogawa, chili ndi nambala yake ya ISRC (nambala yapadera ya chojambulidwa chilichonse), kuti makina akachimva achizindikire. Koma nyimbo zambiri zathu sizilowa choncho. Mnyamata wina amadula masekondi 20 pa YouTube, n'kuika pa akaunti yake ngati mawu akeake. Anthu zikwizikwi n'kutengera kwa iyeyo. Makina saona woyimba aliyense pamenepo. Podzafika nthawi yoti eni ake azindikire n'kuyamba kulondola, anthu amakhala atapita kale ku nyimbo ina, pakuti kutchuka kwa pa TikTok n'kwa masabata owerengeka.

Gawo la wopeka lili ndi njira yakeyake, yaitali kuposa apa. Mabungwe otolera ndalama za opeka m'maiko osiyanasiyana amatumizirana zomwe atolera, ndipo COSOMA ili m'gulu la mabungwe amenewa lotchedwa CISAC. Koma bungwe la ku France kapena ku Indonesia silidziwa Agide. Limangodziwa zomwe zalembedwa m'kaundula. Fufuzani nokha pa intaneti muone: ena alemba Linny, ena Liny, ena Line, ena Lini, dzina la mwini wake ena alemba Giddes, ena Gides, ena Gidesi. Kwa ife ndi munthu mmodzi ndi nyimbo imodzi. Kwa kompyuta ndi zinthu zosiyana, ndipo ndalama ya nyimbo yomwe kompyuta yalephera kuigwirizanitsa ndi mwini wake imakhala pambali kudikira woitenga, mwina osapezeka.

Za makolo ndi zobwereka

Pali vuto lina lomwe ndi la oyimba a mtundu uwu okha, ndipo ndi lomwe limanditengera nthawi yambiri. Woyimba wa nyimbo za kumudzi sapeka ali m'chipinda chotseka. Amatola kamzere ka pamtondo, kayimbidwe ka kumaliro kapena kuchinamwali, kenanso kamene anamva pa wayilesi, n'kuphikamo zake. Lamulo lathu la umwini wa zopeka la 2016 limati nyimbo ndi magule a makolo, zomwe mwini wake ndi mtundu wonse, umwini wake uli m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu a Malawi. Ndiye munthu sangalembetse nyimbo ya pamtondo kuti ndi yake, ngakhale kakonzedwe kake katsopano angathe kukalembetsa. Chimodzimodzinso nyimbo yomwe yatsamira pa ya munthu wina wodziwika. Aliyense womva Buffalo Soldier ya Agide amakumbukira ya Bob Marley yomwe inatuluka mu 1983. Paphwando palibe vuto, mpamene pamakomera. Koma nyimbo ya mtundu umenewo ikamapita kwa wogawa pa intaneti, pafunika kuunika mosamala kuti chobwereka n'chiti, chatsopano n'chiti, kuopa kuti eni nyimbo yoyambayo angadandaule, nyimbo n'kuchotsedwa, mwinanso akaunti yonse kutsekedwa.

Chaka chatha ndinagwira ntchito imeneyi ndi mdala wina wa kufupi ndi phiri la Mulanje, woyimba wa gitala yemwe nyimbo zake ziwiri zinkamveka pa wayilesi kale. Tinakhala pakhonde, ine ndili ndi kope la sukulu lomwe ndinalijambula mizere itatu: zawo, za makolo, zosakaniza. Iwo gitala ili pamwendo, nsambo imodzi yomangidwa mfundo chakumutu.

"Agogo, imene mwayimbayi munaipeka ndinu?"

"Eya, ndi yanga."

"Musanaiyimbe inu, munaimvapo pena?"

Anakhala chete, akukanda nsambo ndi chala chachikulu. "Koyambirirako ankayimba amalume anga akamasenda nsungwi. Koma za mkazi wothawira ku Limbe zija ndinaikamo ndine. Anali mkazi wangatu."

"Ndiye tiilemba pa zosakaniza."

"Iwe mwana wanga, amalumewo anapita kalekale. Akatenga ndani gawo lawo?"

Tinaseka, koma funsolo linali lenileni, ndipo linatitengera theka la ola. Dzuwa likupendeka tinali titadzaza masamba anayi. Mzere wa zawozawo unali waufupi kuposa momwe iwo ankaganizira, koma wautali kuposa momwe ine ndinkaopera. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jumbo ya shuga, m'kati mwake muli pepala lachikasu lopindidwa kanayi: risiti ya wogulitsa makaseti wina wa m'tauni, ya m'zaka za m'ma 1990. Panalembedwa mtengo, ndi mawu amodzi okha oti "master", kutanthauza tepi yoyambirira. Panalibe maina a nyimbo, panalibe kutalika kwa nthawi ya mgwirizano, panalibe siginecha ya mwini sitolo. Anaisunga zaka zonsezi poganiza kuti ndi umboni woti nyimbo zija si zawonso. Nditawauza kuti pepala lotere silikunena kuti anagulitsa nyimbo zenizenizo, ndipo atha kuzijambulanso mwatsopano chojambulidwacho n'kukhala chawo, anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha. Kenako anafunsa mtengo wa nsambo zatsopano ku Limbe.

Njira yomwe ndalama imadzera

Tinene kuti zonse zalembetsedwa bwino. Ndalama ya kunja kuti ifike m'manja mwa munthu wa ku Chiradzulu kapena ku Phalombe pali mtunda. Ogawa nyimbo ambiri amafuna kulipidwa m'madola pa khadi ya banki, ena chaka ndi chaka, pomwe kuno ndalama zakunja zimasowa. Polipira woyimba amatumizanso m'madola. Choncho zomwe zimachitika n'zakuti mdzukulu kapena mphwake wodziwa za intaneti amatsegula akaunti ndi imelo yake ndi nambala yake ya foni. Ndili ndi fayilo ya woyimba wina yemwe mphwake anachita zimenezo ndi mtima wabwino ndithu, kenako n'kupita ku Joni, foni n'kubedwa, nambala n'kusintha. Nyimbo zili pa Spotify, yomwe inafika kuno mu 2021, anthu akumvera, koma palibe angalowe mu akauntiyo. Panopa lamulo langa n'lakuti imelo ikhale ya dzina la woyimba, ndipo mawu achinsinsi alembedwe papepala lomwe lisungidwe ndi anthu awiri osakhala nyumba imodzi.

Ndalama ya m'dziko momwemuno ndiye yosavuta kuifikira, ndipo ndimadabwa kuti oyimba amaipeputsa. COSOMA imatolera kuwayilesi, ku ma TV ndi m'malo omwe nyimbo zimayimbidwa pagulu. Zaka zaposachedwapa yakhala ikugawanso ndalama za msonkho womwe umadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko, monga mafoni ndi mafulashi. Kwa woyimba wakale yemwe nyimbo zake zadzaza m'mamemori khadi a m'misika, imeneyi ndi njira yokhayo yomwe kukopera kuja kumamubwezerako kanthu. Koma imafika kwa yekhayo amene ali membala ndipo nyimbo zake zili m'kaundula.

Nanga kutchuka kwa Agide kunalibe phindu? Kunali nalo ndithu. Munthu akatchuka, oyitana amachuluka, mtengo wokayimba umakwera, makampani ndi anthu amabwera ndi mphatso, ulemu umabwera. Kwa woyimba wodziyimira payekha m'dziko muno, ndalama yeniyeni ikadali ya pasiteji. Koma ndalama imeneyo imafuna thupi: ulendo wa pagalimoto, kudikira mpaka usiku, kuima pamaso pa anthu. Wa zaka 30 atha kuyimba Lachisanu ku Mzuzu, Loweruka ku Mangochi. Wa zaka 92 sangatero, ndipo sitiyenera kumupempha kutero. Pa msinkhu umenewo zojambulidwa ndi zomwe zimayenera kumugwirira ntchito iye atakhala pakhonde. Mphatso zimabwera dzina likamamveka, likazirala nazonso zimaleka.

Pambuyo pa mwini wake

Nkhani yomwe mabanja sakonda kuti ndiiyambitse ndi ya imfa. Lamulo limateteza nyimbo moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Ndiye kuti nyimbo ndi chuma cha masiye monga nyumba kapena ng'ombe, ndipo lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaikhudza. Kumadera a chikamwini monga Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, komwe mbumba ili ndi mawu ake ndipo ana ali ndi awo, nyimbo yopanda wilo ndi mlandu womwe ukungodikira tsiku. Munda anthu amauona, malire ake amawadziwa. Nyimbo saiona, ndiye pogawa chuma saitchula n'komwe, mpaka tsiku lomwe kampani ina ifuna kuiika pa malonda ake n'kufunsa kuti tisaine ndi yani. Pakasowa woyankha mmodzi, kampaniyo imangosankha nyimbo ina.

Fayilo ya mdala wa ku Mulanje uja ili motere pakadali pano. Mafomu a umembala tinadzaza ndipo mndandanda wa nyimbo tinapereka, dzina lawo lolembedwa monga lilili pa chiphaso cha unzika, ndi kalembedwe kena konse komwe anthu amagwiritsa ntchito kolembedwa pambali. Nyimbo za pa mzere wa zawozawo tazijambulanso m'situdiyo ina yaing'ono, gitala ndi mawu basi, ndipo mwini situdiyo anasaina kuti walipidwa zonse, alibe gawo. Za pa mzere wa zosakaniza taziimika kaye kufikira titamvana ndi a COSOMA za kalembedwe kake. Wilo sinalembedwe. Ndinaitchula kamodzi, mwana wawo wamkazi n'kunena kuti tidikire abwere achimwene ake a ku Lilongwe pa Khirisimasi.